Funsani Anesi: magazi obwera nthawi yolakwika ndi mafunso ena a khansa ya amayi

Mwezi uno mauthenga anu ambiri, a pa WhatsApp ndi makalata omwe, angowunjikana pa nkhani imodzi ya khansa ya ziwalo za amayi, ndipo ochuluka achokera konkuno ku Zomba. Ndasankhapo angapo, mayina ndachotsa monga mwa nthawi zonse.

Anesi, ine ndi mayi wa zaka 38, ana anayi, ndimagulitsa tomato ndi masamba pa Mpondabwino. Vuto langa ndi loti tikakhala malo amodzi ndi bambo akunyumba ndimaona timagazi, si tambiri ayi tongodetsa kansalu basi, koma zayamba kale ndithu chaka chathachi. Kuwawa sikuwawa. Anzanga pamsika akuti ndi jakisoni wolera amene ndimabayitsayu, ena akuti ndi mauka ndikadulitse. Zoyezetsa chiberekerozo ine ndimaopa poti akuti amachitulutsa panja nkuchiyeza kenako nkuchibwezera, nde ena chimabwerera chokhota. Ndithandizeni chonde.
Mayi wa ku Chinamwali

Achemwali anga, mawu amene andigwira mtima mukalata yanuyi ndi oti kuwawa sikuwawa. Mawu amenewa atithera amayi ambiri kuno. Khansa ya khomo la chiberekero ikamayamba siwawa olo pang'ono, munthu umadzuka bwinobwino, kupita ku geni, kuphika, kuchapa, ndipo pamene msana ndi pachinena payamba kuwawa nthawi zambiri imakhala yapita kale patali. Nde ululu musaudikire.

Sindikunena kuti muli ndi khansa, mundimvetse. Jakisoni wolera amasokonezadi msambo, anzanuwo sakunama. Matenda opatsirana pogonana nawonso amatha kutulutsa timagazi, ndipo ife a kuno oyandikana ndi nyanja ya Chilwa tisaiwale likodzo, limene kwa amayi limatha kupanga tizilonda pakhomo pa chiberekero pomwepo mpaka mayi nkumaona magazi akakhala ndi abambo. Koma zonsezi palibe angazisiyanitse ali pa benchi ya pamsika, pakufunika munthu wophunzira ntchitoyi aone ndi maso. Ndipo za lezala zija, zodula mauka, chonde ayi. Mungoonjezera bala pamalo pamene pali kale vuto, matenda ena nkulowerapo.

Tsopano za kutulutsa chiberekero. Bodza limeneli lafala kwambiri ndipo limandipweteka chifukwa labweza amayi ambiri atafika kale pageti pa chipatala. Ndikufotokozereni mmene zimakhalira. Mumalowa mukachipinda, chitseko amatseka, mumagona chagada pabedi mutafunda chitenje chanu chomwe. Nesi amalowetsa kachida kooneka ngati mulomo wa bakha kamene kamangotsegula njira kuti awunike ndi tochi nkuona khomo la chiberekero. Kenako amanyowetsa thonje mu viniga, viniga wamba ndithu, kupaka pakhomopo, nkudikira mphindi imodzi. Ngati pali malo amene ayamba kusintha amayera mbuu, ngati palibe pamakhala mmene panalili. Basi zatha, mwavala, zotsatira mwamva pompo. Chiberekero chanu chinagwiridwa mkati ndi minyewa, sichisuntha, palibe amene angachitulutse nkuchibwezeranso. Kachida kaja kamazizira ndipo mumamva kukanikiza pang'ono, mukamapuma mofatsa osalimbitsa thupi zimadutsa msanga. Ngati mukufuna akuoneni nesi wachizimayi nenani, si mwano.

Akapeza poyera paja si khansa, ndi chenjezo loti pakasiyidwa zaka zingapo pangadzasanduke khansa. Pakakhala pochepa amawotchapo ndi kachipangizo kotentha, sizitha olo mphindi ziwiri, ndipo nthawi zambiri amachita tsiku lomwelo. Pakakula amakutumizani ku chipatala chachikulu ngati Zomba Central kukachotsa kachigawo kodwalako ndi kawaya ka magetsi. Akakayika amadula kanyama kakang'ono kupita nako ku labu, apo nde muyenera kubwerera kukamva zotsatira, osangoti poti ndayezetsa basi ndathana nazo.

Chimene chimandilimbitsa mtima pa khansa imeneyi nchoti imapereka nthawi. Kwa mayi amene chitetezo chake chili bwino zimatenga zaka 15 mpaka 20 kuchokera pamene kachirombo koyambitsa khansayi, kotchedwa HPV, kalowa kufika pokhala khansa. Zaka zonsezo mpata woigwira ulipo. Koma onani, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2020 amayi oposa 4,000 m'Malawi muno anapezeka nayo ndipo pafupifupi 3,000 anamwalira, dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene ali pamwamba penipeni padziko lonse, pa matenda oti viniga ndi tochi zikanatha kuwagwira asanayambe. Kuyeza mzipatala za boma ndi kwaulere. Siyirani mnzanu benchiyo m'mawa umodzi, tengani buku lanu la kuchipatala, mukawauze anesi mosabisa za magaziwo ndi pamene anayambira. Akakuuzani kuti pali bwino koma magazi osasiya, mubwererenso.

Anesi, mwana wanga wamkazi wa zaka 9 wabwera ndi uthenga kuchokera kusukulu kuti kubwera katemera wa atsikana. Mu gulupu yathu ya pa WhatsApp anthu akuti katemera ameneyu ndi wotseketsa kubereka, azungu akufuna tichepe. Komanso ine chondidabwitsa, matenda obwera pogonana mukumubayiranji mwana osadziwa nkomwe mwamuna? Si kumupatsa chilolezo kumeneko?
Bambo wa ku Thondwe

Bambo, zikomo kuti mwafunsa m'malo mongomuuza mwana kuti mawa usapite kusukulu, ambiri amatero. Funso lanu lachiwirilo yankho lake lili momwemo. Katemerayu sachiza, amateteza, nde amagwira bwino ntchito akalowa m'thupi kachirombo ka HPV kasanafike. Kachirombo kameneka kafala moti pafupifupi aliyense amene anagonanapo amakumana nako nthawi ina pamoyo wake, amuna ndi akazi omwe, olo munthu wa mwamuna mmodzi chikwatiwire. Kwa ambiri thupi limakachotsa lokha osadziwa nkomwe. Kwa ena kamakhazikika pakhomo pa chiberekero nkuyamba kusintha malowo pang'onopang'ono. Kali ndi mitundu yambiri koma iwiri yokha, 16 ndi 18, ndiyo imayambitsa pafupifupi 70 pa khansa 100 zilizonse za khomo la chiberekero, ndipo katemerayu amalimbana ndi imeneyo. Mukumuteteza lero pa zimene adzakumane nazo ali pabanja pake inu mwina mutakalamba. Jakisoni wa pamkono saphunzitsa mwana khalidwe, khalidwe muphunzitsa ndinu ndi amayi ake.

Za kutseketsa kubereka, tiyeni tione pafupi pompano. Katemerayu anayamba kugwiritsidwa ntchito padziko mu 2006. Kuno kwathu boma linayamba kumuyesa mu 2013 m'maboma awiri, Rumphi ndi Zomba yomwe ino, kenako mu Januwale 2019 nkumufalitsa dziko lonse kuyambira atsikana a zaka 9. Atsikana a Zomba amene anabayidwa poyamba aja pano ndi akuluakulu opitirira zaka 20, ndipo ena tikuwaona ku sikelo makanda ali kumbuyo. Chimene chimalanda mayi chiberekero ndi khansayo, osati katemera. Mwana angamve kuwawa pamkono, mwina kutentha thupi pang'ono kapena chizungulire, nchifukwa chake amawakhazika kaye pansi akabayidwa. Adye asanapite. Ndipo akadzakula adzayezetsebe, poti katemera sagwira mitundu yonse.

Anesi, ndimamwa ma ARV ndipo ndili bwino kwambiri, vayilo lodi sioneka. Ndinayezetsa khomo la chiberekero zaka zitatu zapitazo anati kulibe kanthu. Ndiye kuti ndinathana nazo eti?
Mayi wa ku Sadzi

Ayi mayi, simunathane nazo. Mwachita bwino zedi pa mankhwalawo, pitirizani osadumphitsa chifukwa akuthandiza thupi kulimbana ndi HPV yemwe. Koma amayi amene ali ndi HIV mpata wodwala khansa imeneyi ndi wokwera ka 6 kuposa anzawo, ndipo chitetezo chikatsika matendawa amathamanga, zaka 5 mpaka 10 zokha. Nchifukwa chake inu mumayenera kuyezetsa pafupipafupi kuposa ena. Zaka zitatu zakwana ndithu. Tsiku lokatenga mankhwala likubwerali mukawauze konko kuti ndikufunanso kuyezetsa chiberekero, ndipo akulembereni m'buku tsiku lobwerera.

Anesi, akazi anga anakayezetsa nde akuti anawapeza ndi poyera anawawotcha. Chibwerereni akungotuluka madzi, ndipo akuti anesi anena kuti tisakhale malo amodzi mwezi wathunthu. Ine mutu sukugwira. Kodi ali ndi khansa akundibisa? Komanso ndamva kuti kachirombo kake nkopatsirana pogonana, nde anakatenga kuti?
Bambo wodandaula, Matawale

Achimwene, khazikani mtima pansi. Akazi anu sakukubisirani kanthu, munthu wa khansa yeniyeni sawotchedwa nkubwerera kunyumba tsiku lomwelo. Anawapeza isanayambe, ndipo muyenera kuwathokoza kuti anapita. Madziwo ndi bala likupola, amatuluka masabata angapo nkusiya. Mwezi umene anenawo ndi woona, pabalapo pakakhudzidwa msanga pamatuluka magazi ndipo matenda amalowa mosavuta, nde pirirani, musawaumirize ndiponso musati poti kunyumba kwatsekedwa ndikaone kwina. Akayamba kutentha thupi, kuwawa kwambiri m'mimba, madzi onunkha kapena magazi ambiri, thamangani nawo kuchipatala.

Funso loti anakatenga kuti lija lisiyeni, lapasula mabanja popanda chifukwa. HPV amatha kukhala m'thupi zaka zambirimbiri osaoneka, angakhale anabwera musanakwatirane, angakhale anachokera kwa inu amene poti amuna amakhala naye osamva chilichonse. Palibe kuyeza kumene kungaloze kuti anabweretsa ndi uje. Chimene mungachite inu ndi kukumbukira tsiku limene anawauza kuti adzabwerere kukaonedwanso, nkuwapatsa ya thiransipoti kapena kuwaperekeza kumene.

Anesi, amayi anga ali ndi zaka 62, anasiya kusamba kalekale ine ndili ku pulayimale. Pochapa zovala zawo ndaona magazi pa zitenje kangapo. Nditawafunsa anakwiya, akuti mwana safunsa zimenezo, kenako anangoti msambo wabwerera. Akumwa mankhwala achikuda. Ali ndi shuga komanso ndi onenepa. Nditani?
Mtsikana wa ku Domasi

Mwana wanga, maso ako aona bwino. Msambo subwerera. Mayi akasiya kusamba chaka chathunthu, magazi aliwonse obwera pambuyo pake, olo kadontho, olo kamodzi kokha, ayenera kukaonedwa kuchipatala. Nthawi zambiri chimakhala chinthu chaching'ono, monga kuuma ndi kupyapyala kwa njira chifukwa cha ukalamba. Koma ikhoza kukhala khansa ya khomo, kapena khansa ya mkati mwa chiberekero, imene imakonda amayi osiya kusamba makamaka onenepa ndi a shuga ngati amayi akowo. Ubwino wa khansa ya mkatiyi ndi woti imadziulula msanga ndi magazi omwewo, ndipo ikapezeka isanatuluke m'chiberekero opaleshoni yochotsa chiberekero imachiza ambiri. Viniga uja saiona imeneyi, nde akayezedwa pakhomo nkupezeka pali bwino musabwerere muli chimwemwe, funsani za sikani ndi kuonana ndi dokotala wa amayi, ngati nkofunika akulembereni kalata ya ku Zomba Central.

Kukwiyako ndi manyazi ndi mantha, si kuti akudana nawe. Pachikhalidwe chathu nkhani imeneyi siyenda bwino kuchoka kwa mwana kupita kwa kholo, nde usalimbane nawo wekha. Pita kwa achemwali awo, kapena azakhali ako, kapena mayi wamkulu wa kumpingo kapena kumzikiti amene amamumvera, ameneyo akalankhule nawo ndipo adzawaperekeze. Iwe konza ndalama ya minibasi. Ukafuna kufunsa kaye uli kunyumba imba Chipatala cha pa Foni pa 929, ndi ulere.

Ndionjezerepo kwa owerenga ena, poti ndalandiranso mafunso a mimba yotupa. Khansa ya timatumba ta mazira ilibe njira yoyezera anthu onse ngati ya khomo ija, ndipo imabisala. Mayi amangoona mimba ikufufuma tsiku ndi tsiku, akadya pang'ono wakhuta, kukodza pafupipafupi, m'chinena kulemera, zitenje kuyamba kuthina pamimba pomwe thupi likuonda. Ambiri amamwa mankhwala a njoka za m'mimba ndi a mpweya miyezi nkumapita. Zikapitirira masabata angapo osasintha, makamaka ngati mwadutsa zaka 50 kapena kubanja kwanu wina anadwalapo khansa ya bere kapena ya mazira, kapempheni sikani. Chimodzimodzi kuyabwa kosatha kumaliseche, chilonda chosapola kapena chotupa kunja komweko, musangopaka mafuta, akaone.

Anesi, achemwali anga aakulu anawapeza ndi khansa ya khomo la chiberekero, madokotala anati yafalikira opaleshoni sizitheka. Tinabwera nawo kumudzi. Amuna awo anangoti ndikupita kukasaka ganyu, mpaka pano. Akutuluka madzi onunkha kwambiri moti abale awasamutsira mukanyumba kakuseri, mbale yawo ndi kapu yawo pazokha, ana awo atatu akuletsedwa kulowamo. Usiku amalira ndi ululu. Ena akuti anawalodza, tigulitse mbuzi tipite kwa asing'anga. Amene ndikuwasamala ndine ndekha ndipo ndatopa Anesi, nthawi zina ndimalira kumunda.
Mng'ono wawo, Jali

Achemwali, kalata yanu ndaiwerenga mtima ukuwawa. Mukugwira ntchito ya anthu anayi, kutopako si tchimo.

Choyamba auzeni abale onse, ngati nkotheka pamaso pa mwinimbumba, kuti khansa siyopatsirana. Simungaitenge pa mbale, pa kapu, pochapa nsalu zawo, pogona nawo chipinda chimodzi kapena kuwakumbatira. Abwerere m'nyumba. Ana awo alowe, akhale nawo pamphasa, awauze za kusukulu. Mayi kumva mawu a ana ake panja koma osawaona ndi ululu wina umene mankhwala sangauthe, ndipo anawo akadzakula adzafunsa chifukwa chimene munawatsekera.

Za ululu, mawu oti opaleshoni sizitheka satanthauza kuti chithandizo chatha. Kuli chisamaliro cha odwala matenda osachiritsika, mzipatala amati paliyetivu, ku Queens ku Blantyre kuli kiliniki yake yotchedwa Tiyanjane ndipo zipatala zazikulu ndi za maboma zilinso ndi anthu a ntchito imeneyi. Pitani ndi buku lawo mukafunse. Amapereka mankhwala amphamvu oletsa ululu, mofini wamadzi wa m'botolo, amene amamwa maola anayi aliwonse, usana ndi usiku, osadikira kuti ululu uyambe kaye. Anthu amamuopa mofini, amati ndi mankhwala otsanzikira, si zoona, akamwedwa mmene anenera achipatala munthu amagona tulo, amadya, amacheza. Mofiniyo amamanga m'mimba, nde mupemphe mankhwala ofewetsa chimbudzi tsiku lomwelo, azimwa madzi, papaya naye amathandiza. Botolo likatsala pang'ono pitani msanga lisanathe. Mukafunsenso ngati madokotala akuona kuti kemo, mankhwala amphamvu olimbana ndi khansa, kapena chithandizo china chingachepetse chotupacho ndi magazi, poti izo amaona munthu payekhapayekha.

Fungo nalo lili ndi mankhwala. Limabwera chifukwa cha tizirombo tokhala pa chotupacho, ndipo fulajilo amalichepetsa kwambiri, achipatala akuuzani kamwedwe kake kapena kaikidwe kake, musagule nokha pagolosale nkumangoyerekeza. Dulani zitenje zakale zofewa tizidutswa tambiri kuti muzisintha pafupipafupi, kuchapa ndi sopo, kuyanika padzuwa. Pamphasa kapena pamatiresi yalani pulasitiki, chitenje pamwamba. Muziwasambitsa kumusiko ndi madzi ofunda mofatsa, kupukuta, nkupaka Vaseline m'mbali kuti khungu lisanyuke, makamaka ngati mkodzo wayamba kudontha wokha. Zenera likhale lotsegula, ndipo kambale ka makala pansi pa bedi kamayamwa fungo lina. Pamaso pawo musagwire mphuno, iwo amalimva fungolo kuposa wina aliyense ndipo manyazi ake ndi amene amawapangitsa kukana alendo. Ngati sakutha kudzitembenuza muziwatembenuza pakapita maola awiri kuopa zilonda zapamsana. Chakudya pang'onopang'ono koma pafupipafupi, phala la nsinjiro, nthochi, chimene mtima wawo wafuna, osawakakamiza. Magazi akatuluka ambiri, kapena mkodzo ukasiya kutuluka, kapena ayamba kusokonezeka mutu, musadikire kuche.

Mbuzi zija ine ndinganene kuti zisungeni. Matendawa gwero lake likudziwika, ndi kachirombo, ndipo ndalama imeneyo ifunika pa thiransipoti, sopo, shuga wa phala ndi sukulu ya anawo. Mapemphero ndi abwino, abwere adzapemphere nawo, bola asawauze kuti ataye mankhwala.

Inuyo simungapitirize nokha. Khalani pansi ndi abale mugawane masiku, wina kuchapa, wina kutunga madzi, wina kugona nawo usiku, amuna a pabanjapo asenze za nkhuni ndi ulendo wa kuchipatala. Amayi a Mvano, a Dorika, a Chikatolika kapena amayi a kumzikiti, malinga ndi kumene achemwali anu amapemphera, auzeni mwachindunji kuti tikufuna munthu Lachiwiri ndi Lachisanu, chifukwa anthu ambiri amafuna kuthandiza koma amaopa kulowerera. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu adziwenso kuti pakhomopo pali wodwala. Amuna awowo ankhoswe awasake, ana ndi awo. Ndipo achemwali anu akayamba kulankhula za ana awo, za munda, za amene adzatsale ndi ndani, musawatseke pakamwa ndi mawu oti musatero muchira, amvetsereni, muitane amalume amve nawo.

Tsiku limene mukatenge mofinilo, wina atsale ndi odwala, inu mukalowenso mukachipinda ka viniga kaja muyezetse. Mwa ana atatuwo ngati pali mtsikana wa zaka 9 kupita mtsogolo amene sanabayitse katemera, mutengeni ulendo womwewo mukafunse.